Foni ikakonza chithunzi, yang'anani kawiri

Abale ndi alongo, makamaka inu anzanga a pamsika wa Maramba ndi a ziboliboli ku Mukuni Park, masiku ano kasitomala amayamba waona katundu pa WhatsApp asanatumize ndalama. Chithunzi ndiye thebulo lathu lachiwiri. Koma mukudziwa mmene zimakhalira madzulo m'mashedi muja: kuwala kwachepa, dzanja latopa, chithunzi chikutuluka chambuu ngati wina wachipaka mafuta.

Chifukwa chake nachi. Kukada, kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti ilandire kuwala kokwanira. Dzanja likagwedezeka pa kanthawi kameneko, kadontho kalikonse kamakokeka n'kukhala kamzere. Pulogalamu yokonza vutoli imafufuza njira imene dzanjalo linayenda, kenako imabwezera kuwala pamalo pake. Masamu ake si a dzulo ayi. Njira imene Richardson analemba mu 1972 ndi Lucy mu 1974 inathandiza kuyeretsa zithunzi za Hubble, makina oonera nyenyezi amene anakwezedwa m'mlengalenga mu 1990 galasi lake lili lolakwika. Photoshop inaika Shake Reduction mu 2013, ndipo Google inabweretsa Photo Unblur pa foni ya Pixel 7 mu 2022.

Manje pabwera mapulogalamu a AI, monga Remini, amene ana amatiikira m'mafoni. Awa anaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri za anthu ena. Pamene kamera sinagwire kanthu, iwo amalosera n'kudzazapo. Mu 2020 pulogalamu ina yotchedwa PULSE inapatsidwa chithunzi chosaoneka bwino cha Barack Obama, ndipo inatulutsa nkhope ya mzungu. Yosalala, yooneka bwino, koma osati iye.

Ine ndimagulitsa zitenje, ndipo chitenje chimagulidwa ndi maluwa ake. Mayi wa ku Kazungula akaoda atangoona chithunzi chimene foni yawonjezera timizere take, tsiku lotsegula phukusi sadzati foni yanama. Adzati inuyo mwanama. Kasitomala amene munamusunga zaka khumi angakuthaweni chifukwa cha chitenje chimodzi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi pamaliro. Banja lili ndi chithunzi chimodzi chokha cha agogo, chogwedezeka, chojambulidwa akuimba ndi amayi anzawo. Mdzukulu akuchikonza usiku kuti chikaikidwe papepala la mwambo wa maliro. M'mawa mano ndi ena, maso ndi ena, makwinya aja tinkawadziwa afufutika. Zidzukulu zobadwa mawa zidzakula zikuloza mlendo kuti ndi agogo awo. Bola chithunzi chambuu cha mayi wanu weniweni.

Sindikuti muzitaye zida zimenezi. Chithunzi chikangogwedezeka pang'ono, zimathandizadi. Koma mukakonza, ikani chakale ndi chatsopano pamodzi, muyang'ane maluwa, manambala ndi nkhope. Chakalecho musachifufute. Ngati ndi katundu, muuzeni kasitomala kuti chithunzi chakonzedwa, kapena mutumizireni kavidiyo kakafupi.

Kuposa zonse, jambulani bwino poyamba pomwe. Tulutsani katundu panja m'mawa, pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, tsamiritsani zigongono pathebulo, gwirani mpweya, mujambule katatu n'kusankhapo chimodzi. Zimenezi sizidya bandulo.

Muyende bwino pamalonda lero, ndipo mukapeza mpata, ajambuleni akuluakulu a kwanu padzuwa akadali moyo.