Ndinadikira Black Friday, kwacha sinandidikire

Anzanga a geni ndi madalaivala, pali amene akhala akufunsa ngati n'kwanzeru kudikira sale musanagule kompyuta ku Joni. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira.

Mwana wanga wamkazi amapanga makadi a ukwati ndi maposita ku Limbe. Kalaputopu kake kankazima akangotsegula CorelDRAW, makasitomala n'kumabwerera. Mu Okutobala 2023, nditamaliza kupikula katundu ku Durban, ndinakwera taxi kupita ku Gateway, ku Umhlanga. Mu shopu ina ndinapeza kompyuta ya patebulo yomuyenera, ya R15,000. Wogulitsa anati ndikabwera pa Black Friday, pa 24 Novembala, idzakhala itatsika. Ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ma rand amene ndinali nawo ndinaonjezera nsapato zogulitsa, ndipo ya kompyuta ndinakaisunga kumudzi, m'makwacha.

Pa 9 Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha m'ma K1,180 ku banki inafika K1,700, rand nayo n'kukwera. Nditabwerera ku Umhlanga, kompyuta ija inalidi itatsika kufika R12,000, koma makwacha amene ndinasintha kuti ndipeze R12,000 anaposa amene akanandigulira R15,000 mwezi wapitawo. Onjezani maoda a maukwati amene mwanayo anakana kwa milungu isanu. Sale inali yeniyeni, koma ine ndinaluza.

Ndiye langizo langa ndi ili. Ngati makinawo ali ndi ntchito imene ikuwadikira kale, gulani lero. Ngati mwasankha kudikira, dikirani muli ndi ma rand m'manja. Wa ku Durban akhoza kudikira chifukwa amalandira ndalama yomweyo imene akagulire. Ifeyo timagula kawiri: timayamba tagula rand, kenako katundu.

Chachiwiri, musatengeke ndi chikwangwani chofiira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri zimene amatsitsa kwambiri ndi zakale kapena zofooka, zongolembera makalata. Ya zojambula ikhale ndi RAM yosachepera 16GB ndi SSD, ndipo ngati n'ya mavidiyo, ikhale ndi graphics card yakeyake. Jambulani mtengo ndi nambala ya model pa foni mwezi umodzi sale isanafike, kuti mudzaone ngati yatsikadi. Funsaninso ngati monitor ili pamtengo womwewo.

Werengerani ndi za panjira. Pemphani tax invoice, chifukwa VAT ya ku South Africa ndi 15 peresenti ndipo mlendo akhoza kuitanitsa kuti abwezeredwe potuluka. Lisiti lomwelo a MRA adzalifuna pa Mwanza. Yesani makinawo musanachoke, poti kubweza chinthu kuchokera ku Blantyre kudzera ku Tete ndi Beitbridge si masewera. Musataye katoni ndi zotchingira zake, ndipo adalaivala, chonde, musaike matumba pamwamba pake. Pulagi ya ku Joni ndi ya mano obulungira, yathu ndi ya makona, ndiye gulani chingwe china. Musaiwale UPS, magetsi athu mukuwadziwa.

Kompyutayo ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo inabweza ndalama yake. Koma mwanayo akandiona ndikuwerenga makwacha amaseka, amati, “Bambo, mukudikiranso Black Friday?”