Tisamunamizire soya pa nkhani ya khansa ya m'mawere

Kuno ku Luchenza mwezi ukafika pakati, malipiro a ku esiteti atatha, ndiwo imene imapulumutsa mabanja ambiri ndi soya pisesi. Kapaketi kamodzi, tomato awiri, anyezi ndi timafuta toyeza, basi banja lonse ladya nsima. Nyama ya mbuzi ambiri timangoiona ili lende pamsika, ndipo usipa nawo suyambika masiku ano. Ana ambiri amene ndimawaphunzitsa pa sekondale, makamaka ochita lendi pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, akanakhala kuti soya kulibe bwenzi akudyera masamba a nkhwani chaka chonse.

N'chifukwa chake zandikhudza kuona mphekesera imene yafala pa WhatsApp, yakuti soya ali ndi mahomoni achizimayi ndipo amayambitsa khansa ya m'mawere. Pa msonkhano wa makolo teremu yatha, mayi wina wothyola tiyi anandikokera pambali. “Aphunzitsi, inu mumadziwa za sayansi. Ine ndasiya kuthira soya mu mgaiwa wa phala, kuopa kuwapha ana anga aakaziwa ndi manja anga.” Mayiyu sankaseka ayi. Mchemwali wake anamwalira ndi matendawa, ndiye mantha ake ndi omveka.

Mphekeserayi ili ndi pamene inachokera. Mu soya mulidi timichere totchedwa isoflavones, timene kapangidwe kake kamafanana pang'ono ndi homoni ya estrogen, ndipo n'zoona kuti mitundu yambiri ya khansa ya m'mawere imakula mothandizidwa ndi estrogen. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a pa University of Illinois ku America anaika maselo a khansa ya m'mawere mwa mbewa za mu labotale, n'kumazidyetsa genistein, mtundu umodzi wa timichereto. Zotupazo zinakula. Nkhani inayambira pamenepo n'kuzungulira dziko lonse, ndipo kwathu kuno yafika patatha zaka zoposa 20, itavala malaya atsopano.

Koma mbewa si mzimayi. Mbewa zimenezo zinali zochotsedwa mabasiketi a mazira, zopanda chitetezo chokwanira cha m'thupi, ndipo thupi la mbewa siligaya timichereti mmene limachitira thupi la munthu: m'magazi mwake timakhalamo tambiri kuposa mmene tingakhalire mwa munthu wodya soya pa nsima. Komanso kufanana sikutanthauza kuti chinthu n'chimodzi. Ana anga a Fomu 3 ndimawauza kuti kiyi wa nyumba ya eni ake akhoza kulowa m'loko wanu koma osatsegula chitseko. Timichere ta mu soya timagwira mofooka kwambiri pamalo pamene estrogen amagwira, ndipo si estrogen.

Ofufuza atasiya mbewa n'kuyang'ana anthu, anapeza zosiyana. Ku China ndi ku Japan anthu amadya soya kuyambira ali ana, monga ife timadyera nandolo kapena kalongonda, koma kwa zaka zambiri khansa ya m'mawere inali yochepa kumeneko poyerekeza ndi ku America. Mu 2009 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa ku Shanghai amene anatsatira amayi 5,042 omwe anali atapezeka kale ndi khansayi. Pakati pa amene ankadya soya wochuluka, omwalira anali ochepa ndipo matendawo sankabwerera kawirikawiri poyerekeza ndi amene ankadya wochepa. Bungwe la American Cancer Society limanena kuti zakudya za soya zilibe vuto, ngakhale kwa mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere.

Apa ndichenjeze, chifukwa ife sitichedwa kusandutsa chakudya kukhala mankhwala. Kafukufuku wamtunduwu amangoona zimene anthu amadya ndi zimene zikuwachitikira. Sakutsimikiza kuti soya ndiye anawachiritsa. Wina akadzakugulitsani ufa kapena mapiritsi a soya m'basi ya ku Limbe akuti amasungunula zotupa, sungani ndalama zanu. Mapiritsi oterowo ndi nkhani ina, ndipo madokotala sawalimbikitsa. Ine ndikukamba za chakudya cha mumphika.

Ndipotu soya si mlendo pakati pathu. Likuni Phala, amene dzina lake linachokera ku Likuni ku Lilongwe, ndi chimanga chosakaniza ndi soya. Bungwe la Mary's Meals lakhala likudyetsa ana phala limeneli m'sukulu za pulayimale kuyambira mu 2002, ndipo ana ambiri amene afika ku sekondale lero anaphunzira kuwerenga ali ndi kapu ya phalali m'manja. Mayi amene wachotsa soya m'phala ndiye kuti watsala ndi mgaiwa ndi mchere. Wachotsa chakudya chomanga thupi poopa ngozi imene palibe waipeza mwa anthu. Ngati tikufuna choopa m'nkhokwe zathu, tiope chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chifukwa poizoni wake, aflatoxin, amayambitsadi khansa ya chiwindi.

Zimene zimaonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere n'zodziwika: kukula kwa msinkhu, kukhala ndi mayi kapena mchemwali amene anadwalapo, kumwa mowa, kunenepa kwambiri mayi atasiya kusamba, ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi. Kuyamwitsa kumateteza. Kafukufuku wa m'mayiko 30 amene anatuluka mu The Lancet mu 2002 anapeza kuti chaka chilichonse chimene mayi wayamwitsa chimachepetsa chiopsezocho ndi 4.3 peresenti. Mayi wa pamsonkhano uja, poti m'bale wake anadwala, chimene akufunika ndi kudziwa bwino mawere ake ndi kukaonana ndi achipatala, osati kusala soya.

Chimene chikutha amayi athu ndi kuchedwa. Chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, ndiye munthu amati chiphwa chokha. Wothyola tiyi akajomba ndiye kuti tsiku lapita osapeza kanthu. Kupita ku Thyolo kapena ku Mulanje kumafuna thiransipoti, ndipo akakutumizani ku Queens ku Blantyre pamafunikanso ya wodikirira. Ena amaopa kuti akachotsedwa bere banja litha. Ena amayamba kaye kukatemera mphini, poganiza kuti alodzedwa. Pofika kuchipatala bere laphulika chilonda, ndipo akamwalira anthu amati kuchipatala kulibe thandizo, wina n'kuloza soya. Bungwe la WHO linakhazikitsa ndondomeko mu 2021 yofuna kuti amayi osachepera 60 pa 100 aliwonse odwala khansayi azipezeka matenda asanafalikire, komanso kuti mayi akafika kuchipatala ndi chotupa azidziwa zotsatira pasanathe masiku 60. Masiku amenewo sangayambe kuwerengedwa mayi ali kunyumba.

Zizindikiro zake si zovuta kuzisunga pamtima: kambulu kolimba m'bere, mwanabere wa m'khwapa wosaphwa, nsonga ya bere yolowa m'kati kapena yotuluka magazi, khungu lokhakhala ngati la lalanje. Zotupa zambiri za m'mawere sizikhala khansa, koma wosiyanitsa ndi wachipatala, osati gulu la pa WhatsApp. Abambo nawonso amadwala khansayi, ngakhale kuti ndi ochepa.

Pempho langa likupita kwa alangizi a zaumoyo ndi anamwino amene amayendetsa sikelo m'midzi ndi m'makiliniki a m'maesiteti. Amayi akasonkhana ndi ana kumsana, patulani mphindi zisanu muwaonetse kapimidwe ka mawere, ndipo munene poyera kuti soya apitirize kuthira m'phala. Ife aphunzitsi tichita mbali yathu m'kalasi, koma agogo ndi amayi ambiri othyola tiyi safika m'kalasi mwathu. Ku sikelo amafika mwezi uliwonse.