Abulu a ku Asuri pa boda ya Mchinji

Ndili pa boda ya Mchinji, ndikuonerera amayi akutsitsa mitolo ya zitenje, maganizo andithawira kwa Asuri. Ambirife timangowadziwira nkhondo ndi nkhani ya Yona ku Nineve. Komatu cha m'ma 1900 Yesu asanabadwe, anthuwa anali akatswiri a malonda. Ankasenzetsa abulu nsalu ndi chitsulo cha tini kuchoka mumzinda wa Assur mpaka ku Kanesh, m'dziko la Turkey lero, akulipira msonkho m'njira monse. Ena ankazemba, kudzera njira zam'tchire.

Chondigwira mtima n'chakuti zina mwa nsaluzo ankaluka ndi akazi otsala pakhomo. Makalata awo olembedwa pa dongo, ofunsa amuna awo siliva wa thukuta lawo, alipo mpaka lero. N'chifukwa chake ndikuwayang'ana amayi a zitenjewa ndi ulemu waukulu.