Tenti ya kubweleka, bana batatu na ngwena za ku Siavonga

Imwe bamene mukamba ati camping ni ya bazungu na ma apamwamba ba ku Kabulonga, sendelani pafupi. Naine nenze kukamba so. Nisebenza Monday kufika Saturday, nikafika pa nyumba ku Kanyama nipeza bana bagona kudala. Siku ina mwana wanga wamukulu, wa grade 4, anabwela na homework ya kulemba malo yamene anayendako pa holiday. Analemba ati Soweto Market. Ninaseka, koma mumutima chinanibaba. Ndiye pamene ndalama ya chilimba inagwela kuli ise, tinapangana na bakazi banga kuti pa holiday ya Heroes na Unity mu July tizapeleka bana ku Siavonga, bakaone Lake Kariba na menso yabo.

Musaganize ati tinagula vintu vodula. Tenti ninabweleka kuli munzanga wa ku nchito, motoka ni ya ba mulamu. Vina vonse vinachoka mu nyumba: mbaula, ka saka ka malasha, mapoto yabili, unga, mabulangeti, matilesi ya bana, zigubu zibili za manzi yakumwa na ma tochi yamene load shedding inatigulisa kudala. Ngati munkala mu komboni, hafu ya camping muiziba kale. Kupika pa mbaula, kusamba mu baketi, kudya mu mudima, ni vintu vamene tichita daily. Chosiyana ni chakuti uku uvichita pamene uyangana nyanja.

Kuchoka mu Lusaka kufika ku Siavonga ni pafupifupi makilomita 200. Mupita Chilanga, Kafue, muoloka bridge ya Kafue, pa Turnpike musiya museu wa ku Livingstone na kutenga wa ku Chirundu. Apa ba driver chenjelani. Museu uyamba kuseluka mumapili, uli na makona maningi, ndipo ma truck yoyenda ku border yali mbwee. Osajomba kuseli kwa truck pa kona, olo bana balile bwanji ati tachedwa. Mukalibe kufika ku Chirundu mukoneka ku right, ndipo kuchoka apo ni makilomita 60 na chakuti. Mpepo ya mu Lusaka isila, kuyamba kufunda, milambe ikulu ikulu iyamba kuoneka, na bazimai bogulisa masau mumbali mwa museu. Tinagula ka mbale kamozi, ndeo ya ku back seat inasila.

Langizo yanga yoyamba: fikani zuba ikalibe kungena. Ise tinafika pa campsite cha ku ma 16 hours, ndipo tenti inanigonjesa pamenso pa bana banga. Tumitengo twake nenze kulowesa mosiyana, ikaima uku yagwa uku. Bakazi banga banayangana chabe, pambuyo ati, "Imwe ba tate babo, pasani kuno, mwapangisa bana kuseka." Mu mamineti yang'ono yenze yaima. Ngati mwabweleka tenti, iyeseni pa yadi ku nyumba mukalibe kunyamuka.

Kariba ikaoneka koyamba, bana bankala zii. Manzi kufika kwamene menso yapelela, mapili ya ku Zimbabwe kumbali ina. Wachibili anafunsa ngati iyi ndiye ocean. Koma mvelani bwino apa: manzi yaja si yosambamo. Muli ngwena, muli mvuu, ndipo mumbali mwamene manzi yaima muli bilharzia. Sankani campsite yamene ili na swimming pool na mulonda wa usiku, olo ikale yodulako pang'ono. Tenti imikani patali na manzi, chifukwa mvuu zichoka usiku kukadya mauzu kumutunda. Uzuzu nabo baliko, ni malo ya malaria, so bana bavale vamanja yatali zuba ikangena, ndipo zipi ya tenti inkale yovala.

Usiku tinadya nsima na bream yowocha pa malasha. Pamene mudima unagwa, pa nyanja panayaka malaiti mbili mbili, monga town ili pa manzi. Wamukulu ati, "Ba daddy, baja sibabachita load shedding?" Yaja ni maboti ya kapenta. Basozi baika laiti pa manzi, kapenta ibwela ku laiti, bakweza neti. Kapenta ya Siavonga yamene mugula pa maliketi ichoka apo, ndipo mbeu yake inachokela ku Lake Tanganyika muma 1960. Bana banagona pa miyendo yatu bakali kubelenga nyenyezi, vamene mu komboni chusi na fumbi vibisa.

Manje chamene chinanilembesa nkani iyi chinachitika kuseni. Ninauka cha ku ma 06 hours, nayangana pa matilesi, ka last born ka zaka zitatu kalibe. Zipi yoseguka pansi. Sininavale na sapato. Ninachoka panja nikuitana, mutima uli pakamwa, nayangana ku manzi. Ninakaona kali pamanja pa ba mulonda, ba shikulu ba chiTonga, kagwila botolo ya pulasitiki. Kenze kuyenda kukatapa manzi monga mwamene kaonela ba mai bake pa pompi. Ba mulonda banakapeza kakali pa mauzu, kakalibe kufika pa muchenga. Sibananikalipile. Bananilangiza chabe pa matika pamene ngwena inagona mailo yake, mukwala wa muchila ukali kuoneka. Miyendo yanga inasila mpamvu, ninankala pansi.

Kuchoka apo tinaika lamulo, naimwe muitenge: mukulu ndiye agona pa chiseko cha tenti, mazipi yonse yabili yakumanila pamwamba pamene mwana safika, ndipo mwana aliyense ali na mukulu wake womuyangana. Mukakamba ati "tonse tiyangana", ndiye kuti palibe wamene ayangana.

Ba shikulu baja tinabapasa tiyi, ndipo bananiuza kuti munzi wa makolo babo uli pansi pa manzi yaja. Pamene damu inamangiwa muma 1950, baTonga pafupifupi 57,000 ku mbali zonse zibili za Zambezi banachosewa mumalo yabo. Masana tinayenda kukaona chipupa chake. Nyamulani NRC, chifukwa ni pa border ndipo muyamba mwapita ku immigration. Damu inasila mu 1959, kutalika kwake ni mamita 128, ndipo ukaima pakati mwendo umozi uli ku Zambia, wina ku Zimbabwe. Ninalangiza bana kuti malaiti yambili ya mu Lusaka yachoka kuno, ndipo manzi yakachepa monga mu chilala cha 2024, ndiye pamene tinkala mu mudima. Wachibili anayangana manzi, ati, "So tipempele mvula, osati kutukwana ba Zesco?" Ninamuuza kuti akafunse ba mai bake.

Usiku wachibili ninagona pa chiseko, kwanja yanga pa mwendo wa ka last born, ndipo tonse tinagona tulo twabwino. Tinabwelela mu Lusaka na kapenta ya ba mulamu, vovala vonunka chusi na tenti yosoba chikomo chimozi, chamene nikali kulipila na ma drink ku nchito.

Wamukulu anapempa ba teacher kuti alembe futi homework ija. Inazula mapeji yabili, ndipo hafu yake ni nkani ya mwamene tenti inagwela ba daddy. Chilimba yanu ikabwela, ganizilani. Sofa izapezeka na chaka chamailo, koma mwana wa grade 4 sazankala mu grade 4 futi.