Nkhulungo ya amayi

Patatsala masiku asanu kuti Khirisimasi ya chaka chatha ikwane, ndidatsika basi pa Shurugwi nditanyamula zitini ziwiri za penti, ndipo galimoto yomwe ndidachita hayala m'tauniyo idasenzanso matumba asanu a simenti. Ndinkafuna kuti chikondwerero chiwapeze amayi m'nyumba yosalala pansi ndi yowala zipupa, monga zikhalira nyumba za makolo a anthu ophunzira. Ndidawapeza atagwada pakati pa nyumba, beseni la dothi lakuda lili pambali, akuzira. Adayang'ana katunduyo, nandiyang'ananso ine, kenaka adati: "Mwafika bwino, bambo. Simentiyo mukakonzere chimbudzi. Muno ndizira ndekha."

Nyumbayo ndi ya mitengo, yofolera ndi udzu, ndipo ili m'dera la mfumu Nhema, kutali ndi komwe eni ake adabadwira. Bambo anga adachoka ku Ntcheu m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anzawo a paulendo adamwazikana m'migodi ya chigawo cha Midlands: ena ku mgodi wa asibesitosi ku Shabani, komwe lero timati Zvishavane, ena ku golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, enanso ku ng'anjo za zitsulo ku Redcliff. Iwo adaima pa Selukwe, tauni ya miyala ya kromu yomwe idasinthidwa dzina kukhala Shurugwi mu 1982. Patapita zaka zingapo adabwerera kumudzi kukatenga amayi, ndipo tonse anafe tidabadwira m'komboni.

Nyumba ya m'komboni idali ya zipinda ziwiri, ya simenti pansi, ndipo sidali yathu. Khirisimasi ikayandikira tinkaikongoletsa ndithu, koma ndi zinthu zokhazo zomwe munthu angazichotse m'mawa umodzi: kalendala yatsopano, nsalu zoluka zoyala pamipando, ndi nyuzipepala zomwe alongo anga ankazidula manomano n'kuziyala pashelefu ya mbale. Patsikulo tinkadya mpunga wa nkhuku, masana tinkathamangira kubwalo kukaonera beni ndi Gule Wamkulu. Ndili mwana ndidafuna kubzala mango kuseri kwa nyumba, koma bambo adandiletsa. "Mlendo ndi mame," adatero, "adzadya ndani mango amenewo?" Pansi pa bedi pawo padali bokosi la chitsulo momwe ankasungamo makapu adongo, bulangete ndi nsalu zokalowera nazo m'nyumba yomwe ankati adzamanga ku Ntcheu.

Nyumba ya mgodi imatha ndi ntchito. Atapuma, bambo adapeza kuti makolo awo adamwalira kalekale, minda idagawidwa, ndipo ana awo tonse moyo wathu udali kuno. Kumudzi anthu otere amawatcha machona. Nyakwawa ina ya Chishona, yomwe kuno amati sabhuku, idawapatsa malo, ndipo ine, yemwe panthawiyo ndinkaphunzira za zilankhulo ku yunivesite, ndidapita patchuthi kukawathandiza kumanga.

M'masabata amenewo ndidamva m'kamwa mwa bambo mawu omwe sindidawamvepo m'zaka zonse za m'komboni. Adasankha okha mzati wa muwanga, poti chiswe chimaulephera. Tidazika nsichi mothithikana, n'kuzimanga ndi luzi la mombo lomwe tidaliviika m'madzi kuti lifewe. Phaso lidali la bulugama, ndipo tidafulumira kufolera mvula yoyamba isadagwe. Kenaka tidaponda dothi n'kuphoma, kulikankha ndi manja pakati pa mitengo mkati ndi kunja. Ena mwa mawuwa ndidali nditawaona m'mabuku otanthauzira mawu, koma sindinkadziwa kulemera kwa nsichi paphewa. Chichewa chathu cha m'komboni chidali chodzaza ndi mawu a shifiti, akapitawo ndi malipiro, chosakanikirana ndi Chishona ndi Chilapalapa cha pansi pa mgodi. Mawu a zomangamanga adali atagona zaka zoposa makumi atatu chifukwa padalibe ntchito yowadzutsa.

Kumaliza nyumba idali ntchito ya amayi, ndipo adaisungira sabata ya Khirisimasi. Adatsutsuta zipupa ndi dothi losalala mpaka ming'alu yonse idatsekeka. M'munsi mwa khoma adadutsitsa lamba wakuda wa makala osinja, pamwamba pake mzere wofiira wa katondo, ndipo m'mbali mwa chitseko adapaka phulusa loyera. Pansi adazira ndi dothi la kudambo, n'kulikhula ndi nkhulungo, kamwala kosalala komwe adatola kumtsinje, mpaka padayamba kunyezimira. Azimayi oyandikana nawo, omwe ntchitoyi amaitcha kudzura ndipo amaigwira ndi ndowe, adabwera ndi chidebe chodzaza kuti athandize. Amayi adathokoza, koma adati kwawo amazira ndi dothi lokha. Madzulo a pa 24 Disembala bambo adakoka bokosi la chitsulo lija, nalitsekula, nauza amayi kuti aike makapu aja pashelefu. Palibe adalankhulapo kanthu, koma tonse tidamva kuti ulendo wa ku Ntcheu wathera pomwepo.

Kuvomera kwa bambo sikudatanthauze kuti dziko nalo lidavomera. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe mwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adapezeka kuti ndi alendo m'dziko lomwe mchombo wawo udagwera, ndipo ambiri adalephera kuponya voti mu 2002. Mlongo wanga, wobadwira m'komboni momwemo, adali mmodzi wa iwo. Zinthu zidasintha ndi malamulo aakulu a dziko a mu 2013, omwe adabwezera unzika kwa obadwira kuno mwa makolo a m'maiko a SADC, n'kuikanso Chichewa pamndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Bambo adali atatisiya kale. Manda awo ali pansi pa chulu, pamtunda pa munda wa chimanga, ndipo pakhomo pali mitengo itatu ya mango yomwe adabzala okha.

Zonsezi ndidazikumbukira nditaima pakhomo ndi zitini zanga za penti. Ine amene ndimaphunzitsa m'kalasi kuti mawu amazilala ntchito yake ikatha, ndidali nditabwera ndi matumba asanu okwirira liwu loti kuzira m'banja mwathu. Ndidavula nsapato, n'kupinda buluku. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka khumi ndi ziwiri, yemwe amanditcha sekuru monga achitira Ashona m'malo moti amalume, adandiseka poona momwe dothi linkandipulumukira m'manja. Agogo ake adampatsa kamwala kaja, ndipo iye adafunsa m'Chishona dzina lake. Adamuuza kawiri, nalibwereza mpaka lilime lidazolowera.

Chimbudzi tidachikonza tsiku lotsatira Khirisimasi. Nsichi ziwiri za kuseri kwa nyumba zadyedwa ndi chiswe, ndipo amayi andiuza kuti ndibwere mu Ogasiti, mitengo ikauma, tidzazisinthe. Ati ndisaiwale nkhwangwa, ndipo mtsikanayo adzakhalepo.