Mudzi wa agogo sukuoneka pa mapu

Loweruka lina ine ndi mwana wanga wamkazi tinakwera basi kuchoka ku Sheffield kupita ku Ladybower, titanyamula mapu a Ordnance Survey. Anthu awa sasiya kanthu: khoma la miyala, kamtsinje, ngakhale kanjira kodutsa m'munda mwa munthu, zonse zilimo. Mwanayo akulondola mizere ya mapiri ndi chala, anafunsa, "Adadi, nanga mapu a kwa agogo ali kuti?"

Usiku ndinatsegula OpenStreetMap. Poti ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndinati izi n'zosavuta. Nyika ndinaipezadi: phiri la Nganda, nkhalango ya paini ku Chelinda, kanyanja ka Kaulime, ndi North Rukuru akuyamba ulendo wake wotsikira ku Karonga. Koma mudzi umene apongozi anga anabadwira, ayi ndithu. Anawasamutsa pamene paki inakulitsidwa mu 1978.

Ndinawaimbira pa WhatsApp ku Rumphi. Anatchula timitsinje tinayi, mayina a Chitumbuka, mwamsangamsanga ngati akutchula ana awo. Ndinalemba kuseri kwa envelopu ya bilu ya gasi. Pa zithunzi za setilaiti ndazindikirapo tiwiri tokha mpaka pano. Apongozi ali ndi zaka 81, ndipo netiweki kwawoko imavuta.