Kale Ankaphunzira Ataima Pambali pa Mmisiri

M'zaka za m'ma 1960, pa fakitale ya Fairchild ku Mountain View, California, wolembedwa ntchito yopanga tizipangizo ta chip ankaphunzira ndi maso ndi manja. Timbale ta silicon tinkakwana m'chikhatho. Ankatinyamula ndi kapani kakang'ono, kutindandalika pa chotengera cha quartz, n'kutikankhira m'ng'anjo yotentha madigiri oposa 1,000. Tikatuluka, wozolowera ankangoyang'ana mtundu wa pamwamba pake, kaya wabuluu kaya wofiirira, n'kudziwa ngati oxide yokuta pamwambapo yakhuthala mokwanira. Amayi olumikiza timawaya pansi pa maikulosikopu ankakhazika wachilendo pambali pawo mpaka dzanja lake litaleka kunjenjemera. Mabuku analipo, koma nzeru zinkadutsa pakamwa, pomwepo pantchito.

Masiku amenewo ndimawakhumbira chifukwa wophunzira ankaiona ntchito yonse ndi maso ake, ndipo akalakwitsa, womukonza anali pomwepo.

Lero mbale za silicon ndi za mamilimita 300, zimayenda m'mabokosi otseka pa njanji za kudenga, palibe wozikhudza. Makina a EUV ojambula pa mbalezi, a kampani ya ASML ya ku Veldhoven, Netherlands, amawomba timadontho ta tin ndi laser maulendo 50,000 pa sekondi kuti atulutse kuwala kwa mananomita 13.5. Amodzi okha amadya madola oposa 150 miliyoni. Ndani angawazimitse kuti mwana wadzulo ayeserepo?

N'chifukwa chake maphunziro anagawidwa pawiri. Wophunzira amayamba pa kompyuta, kumasula ndi kumanga makina ongoyerekezera mpaka atawaloweza, kenako n'kupita kukagwira zitsulo zenizeni kumalo ophunzitsira, monga amene ASML inatsegula ku Tainan, Taiwan, mu 2020. Chaka chomwecho Covid-19 itatseka malire, akatswiri a ku Netherlands ankalangiza amisiri a kutali kudzera m'magalasi a HoloLens, akuona zomwe wovalayo akuona. Njira yoyambira pa kompyutayi ndi yabwino, siwononga mbale ndiponso sivulaza munthu.

Koma kompyuta imaphunzitsa zovuta zimene wina anazilemba kale. Pampu ikasintha kaliridwe pakati pausiku, amene amamva ndi uja anakhalapo miyezi pambali pa mmisiri wamkulu. Ngakhale kampani yopanga tizipangizo ta chip ya TSMC, pomanga fakitale yake ku Arizona, inatumiza mainjiniya atsopano kukakhala nthawi yaitali m'mafakitale a ku Taiwan. Mabwana amene akudula miyezi imeneyi kuti asunge ndalama akulakwitsa kwambiri.